Njinga Anaziwerenga Nthawi Yanji?

Ine ndimakolopa mu ofesi ya anthu okonza misewu ya mumzinda. Zaka zisanu ndi zitatu tsopano, ndipo akapitawo athu ali ndi lamulo limodzi: wokolopa alibe pakamwa.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza mapu aakulu patebulo la injiniya. Panali mzere wobiriwira, wosonyeza pomwe adzapatule njira ya njinga zokhazokha. Mzerewo unadutsa mumsewu wa mabanki. Msewu wa kudepoti, womwe mwana wanga wamkazi amapalasamo popita kokaphika buledi, unalibe kalikonse. Mwezi watha minibasi inamukankhira m'ngalande pomwepo, mano awiri n'kusweka. Akupalasabe, nanga apita bwanji kuntchito?

Injiniya analowa, tiyi ali m'manja.

"Mayi, pukutani apa msanga ndisaine. Makhansala akulifuna pepalali teni koloko."

Ndinapukuta. Kenako ndinalephera kudzigwira.

"Bwana, kudepoti mwakusiyiranji?"

Anandiyang'ana ngati mopu walankhula.

"Tinawerenga, mayi. Kudepoti kunadutsa njinga khumi ndi zinayi zokha. Kumabanki makumi atatu."

"Anawerenga nthawi yanji?"

Anatsegula faelo monyinyirika. "Kuyambira naini mpaka folo."

"Ndiye anawerenga njinga za amesenjala zokha," ndinatero. "Kudepoti njinga zimayamba kudutsa sikisi isanakwane. Ophika buledi, alonda, ife okolopa. Pofika naini zonse zili pa loko kuseri kwa mashopu. Madzulo zimabwerera inu mutaweruka kale."

Akapitawo anali ataima pakhomo. Sindinawamve pobwera.

"Pepani bwana, awa pakamwa pamawayabwa. Mayi, nyamulani ndowa yanu, tikaonane ku ofesi kwanga."

Ndowa ndinaigwira, koma sindinachoke. Ndinkangoona cholembera chomwe injiniya anali atanyamula. Akasaina, penti ya njira ya njinga ipita kumabanki, ndipo mwana wanga azipitiriza kulimbana ndi maminibasi.

"Owerenga athu amalowa ntchito eyiti," injiniya anatero chapansipansi. "Galimoto imakawatula naini."

"Ndiye msewu wasankhidwa ndi dalaivala," ndinatero.

Akapitawo anatsonya. Foni ya patebulo inalira. Injiniya anaisiya, inalira kanayi, maso ake ali pa mapu. Kenako anainyamula.

"Eya, ndamva kuti makhansala afika. Apatseni tiyi. Pepala silibwera lero." Anamvetsera kanthawi, uku akusisita chipumi. "Akalipe, palibe kanthu. Auzeni kuti tiwerenganso."

Anaika foni pansi, n'kutembenukira kwa ine.

"Mawa sikisi koloko mukandionetse pakona pakepo."

"Sikisi mukapeza theka litadutsa, bwana. Faifi."

"Faifi," anabwereza, ngati wameza mankhwala owawa. "Ndikakapeza njinga khumi ndi zinayi, mayi, ndikasaina pomwepo."

"Mukatenge mapepala ambiri olembapo."

"Nanga muno akolopa ndani mawa?" akapitawo anafunsa.

"Mukhale mwakuda tsiku limodzi," anatero injiniya.

Ndinanyamula ndowa n'kuwatsatira akapitawo ku ofesi kwawo. Anandikalipira mpaka tiyi wawo kuzizira. Ine ndinkangoganiza za komwe ndinaika juzi, chifukwa kudepoti faifi koloko kumazizira.