Bayoloje ya Kumbuyo kwa Njinga

Mayeso oyeserera a Fomu 4 anandichititsa manyazi. Ine Ellah, amene ndinali nditauza phiri lonse la Zomba kuti ndidzakhala namwino, ndinalakwa Bayoloje moti ngakhale wopanda maso akanaona. Ndipo popanda Bayoloje, za unamwino iwalani.

Chinandiwawa n'chakuti kuwerenga ndinkawerenga. Kope langa linachita kuda m'mbali ndi thukuta la zala. Ndikalitsegula, mawu onse ankaoneka ngati abale anga, koma ndikangolitseka ankabalalika onse.

"Iwe suwerenga, umangocheza ndi kope," anatero aphunzitsi athu, mayi Mwanaidi. "Litseke, ufotokozere munthu wina. Pomwe wakakamira ndi pomwe sukudziwa."

Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuti munthu wake ndani? Ife tinkakhala kumtunda, kufupi ndi damu la Mulunguzi, anzanga onse ali m'tauni.

Bambo anga, a Lameck, ankatsitsa nkhuni za paini panjinga m'mawa uliwonse kukagulitsa kumsika. Njinga yosenza chonchi siikwereka. Mwini wake amagwira mahandulo, wina n'kumakoka chingwe kumbuyo kuti isathawe pamtsetse. Wokoka chingwe anali achimwene, koma mwezi womwewo anapeza ntchito ku Blantyre, chingwe n'kugwera ine, poti sukulu yanga inali njira yomweyo. Ndinakwiya zedi. Miyezi itatu kuti mayeso afike, ine ndizitaya ola ndi theka tsiku lililonse ndikukokana ndi nkhuni!

Tsiku loyamba ndinachenjera: chingwe dzanja ili, kope dzanja linali. Pakona yachiwiri njinga inanditsomphoka, nkhuni mbwee mumsewu, amayi ogulitsa masitiroberi n'kufa nalo phwete.

"Iwe, chingwe chimafuna manja awiri," anatero bambo akutola nkhuni. "Bukulo m'chikwama. Ngati zili m'mutu, uzinene pakamwa, ine ndizimva."

Bambo analekera Sitandade 3, choncho ndinkaganiza kuti azingoti eya, eya. Ndinalemba m'madzi.

"Mtima uli ndi zipinda zinayi," ndinayamba.

"Zinayi? Kuposa nyumba yathu! Nanga magaziwo sasochera n'kulowa chipinda cha eni ake?"

Funsolo linandigonjetsa. Chonsecho tsamba limenelo ndinali nditaliwerenga kakhumi. Nditafika kusukulu ndinathamangira kope, m'mawa mwake n'kuwayankha kuti muli tizitseko totsegukira mbali imodzi yokha.

"Ngati valavu ya tayala," anatero. "Pitiriza."

Basi, sukulu inayamba. Tsiku lililonse mutu umodzi, Loweruka kubwereza yonse ya sabata imeneyo. Funso likandigonjetsa ndinkalilemba tikafika kumunsi, n'kukalifufuza tsiku lomwelo. Mwana wasukulu wangayo anali wovuta, sankalola kudumpha. Ndikanena mawu aatali achizungu ankaimitsa njinga. "Zimenezo ukauze azungu. Ine undiuze m'Chichewa." Amayi a masitiroberi aja akationa ankakuwa, "Yunivesite ya nkhuni ikudutsa!" Ife osawalabadira, tili pakati pa mapapo.

Tsiku la Bayoloje kunazizira mpaka zala kuuma. Nditatembenuza pepala ndinapeza funso lakuti n'chifukwa chiyani khoma la kumanzere kwa mtima ndi lochindikala kuposa la kumanja. Mutu unayamba wati zii. Ndinafumbata manja pansi pa desiki ngati ndagwira chingwe, ndipo m'mutu mwanga ndinawamva bambo bwinobwino: "Ndiye kuti lakumanja limangoperekeza magazi pafupi, kumapapo. Lakumanzere ndi lomwe limakankha katundu thupi lonse, ngati ine pobwerera kumtunda." Ndinaseka mokweza, woyang'anira mayeso n'kundiponyera diso. Ndinalemba mpaka cholembera kutentha.

Zotsatira zitatuluka tinatsika limodzi monga mwa masiku onse. Bambo anaimika njinga pageti la sukulu, nkhuni zili pomwepo, akuti sagulitsa kanthu asanamve. Ndinatuluka ndikuthamanga.

"Takhoza?" anafunsa.

"Takhoza, ababa! Bayoloje 2!"

Analiza belu la njinga mosalekeza, mpaka alonda anabwera kudzaona ngati kwagwa ngozi. "Mwana wanga uyu! Namwino uyu!" ankauza aliyense wodutsa, ngakhale amene sanafunse. Ndinasangalala mpaka misozi.

Kenako belu linaleka. Bambo anayamba kukonzakonza mtolo womwe unali womangidwa kale bwino, osandiyang'ana.

"Ndiye kuti sukulu yanga yatsekedwa," anatero chapansipansi.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti miyezi yonse ija sankangondithandiza ine ayi. Ndinazungulira kumbuyo kwa njinga, n'kukulunga chingwe m'manja onse awiri, ngakhale kuti msewu wa kumsika ndi wosatsetsereka.

"Yatsekedwa ndi ndani? Gwirani mahandulo, a Lameck. Impso zija simunazimvetse bwino."