Mafoloko Atatu a Ba Phinias

Ku Mpanshya aliyense amadziwa kuti Ba Phinias sagwetsa chinthu. Kwa zaka makumi awiri akhala akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira yopita kuchipatala cha mishoni. Timipira tachitsulo ta m'gudumu, tating'ono ngati njere za mapira, amatitola ndi zala zamafuta popanda n'kamodzi komwe kugwera mumchenga. Mwana wawo woyamba, Goodness, anatengera kufatsa kwa atate akewo. Koma mawondo anatengera kwa amai ake.

Amai akewo, Ba Edness, anakulira ku Katete, ndipo kwa iwo mwana wamkazi woimirira pamaso pa atate ake atakhala pansi anali mwana wosaleredwa. Madzi akumwa, gwada. Mbale, gwada. Ngakhale kudzangonena kuti kwabwera mlendo, gwada. Goodness anafika pomagwada asanaganize n'komwe, monga mmene diso limaphethirira lokha.

Atamaliza Giredi 12, mwayi unamugwera. Hotela ina yaikulu ya ku Lusaka inatenga achinyamata asanu ndi atatu kuti iwaphunzitse kuperekera chakudya kwa miyezi inayi. Malo a ntchito anali awiri okha.

Tsiku loyamba lenilenilo, Ba Kingsford, mkulu wa operekera zakudya, bambo wa imvi m'mbali mwa makutu, anamutuma madzi. Goodness anabwera ndi tambula pakambale bwinobwino, ndipo mawondo anachita zawo. Phii, pakapeti. Anzake anafa nacho chiseko. Cynthia, mtsikana wa ku Kabwata yemwe pakamwa pake sipankatseka, anamupatsa dzina pomwepo: Kagwada.

Ba Kingsford sanaseke.

"Imirira," anatero. "Muno mlendo timamulemekeza ndi msana wowongoka. Akaona munthu wagwada pambali pake amaganiza kuti wadwala, kapena pali chimene akupempha. Ukadzagwadanso m'chipinda chino, udzakwera minibasi ya kwanu."

Kuyambira tsiku limenelo Goodness ankayenda ngati mawondo ake amangidwa ndi timitengo. Anaphunzira kupukuta matambula mpaka aonetse nkhope, kuika foloko kumanzere ndi mpeni kumanja, ndi kuyamba kupereka mbale kwa mayi, bambo pambuyo. Anaphunzira kuti chinthu chikagwa pansi supolama ayi: umapinda mawondo, msana uli chilili, n'kutola, kenako n'kubweretsa china choyera pakambale. Anaphunziranso mawu amene Ba Kingsford ankabwereza m'mawa uliwonse, akuti mbale ikabwerera kukhitchini yodzaza, wolakwa si wophika koma woperekera.

Tsiku lina anamutuma kukasiya tiyi kuchipinda cha nsanjika yachisanu ndi chinayi. Bedi lake linali lalikulu ngati chipinda chonse chimene ankagonamo ndi ang'ono ake, nsalu zoyera mbee, ndipo pawindo Lusaka yense anali pansi, magalimoto ngati nyerere. Sanauze munthu aliyense, koma kuyambira pamenepo ntchitoyo anaifuna ndi mtima wake wonse. Ankaifuna mwamanyazi, ngati mmene munthu amafunira chinthu chimene akuopa kuti si cha anthu ngati iye.

Mayeso omaliza anali otere: wophunzira aliyense aitane abale awiri, adzadye chakudya chamasana ngati alendo enieni, iye akuwaperekera, Ba Kingsford ataima pakona ndi pepala ndi cholembera.

Goodness anaimba foni kwawo katatu konse kuti afotokoze za lamulo la kugwada. Katatu konseko mawuwo anamukanika. Amai ake ankangofunsa za zovala, iye n'kumayankha za zovalazo.

"Lelo uzagwada kangati, Kagwada?" anafunsa Cynthia m'mawa wa tsikulo, akumanga tayi pagalasi. "Ba daddy bako bakabwela, tikumange ku pilala kuti uimilile?"

Goodness anangomwetulira.

Makolo ake ananyamuka ku Mpanshya kukucha, ndipo anafika dzuwa lili paliwombo. Ba Phinias anavala jekete la kutchalitchi, Ba Edness chitenje chatsopano ndi duku lofanana nacho. Chitseko chagalasi chitadzitsekukira chokha, Ba Edness anabwerera kaye phazi limodzi. Ba Phinias maso awo anali pa kangolo konyamulira zikwama za alendo.

"Gudumu lakumbuyolo likufuna girisi," ananong'oneza akazi awo.

M'chipinda chodyera munali kuzizira kokoma, nyimbo zapansipansi, ndi maluwa oyera pathebulo lililonse. Goodness anawachingamira atavala malaya oyera ndi siketi yakuda.

"Takulandirani, amai. Takulandirani, atate," anatero, ataimirira.

Ba Edness sanayang'ane nkhope ya mwana wawo. Anayang'ana mawondo ake. Anadikira. Mawondowo sanapinde.

Goodness anakoka mpando wa amai ake poyamba, kenako wa atate ake. Anabwera ndi supu wa maungu wokhala ndi kamzere ka kirimu pamwamba, naika mbale yoyamba pamaso pa amai. Ba Edness anaikankhira kwa amuna awo ndi zala ziwiri. Ba Phinias anaibweza pang'onopang'ono.

"Miyezi inayi yokha," anatero Ba Edness, mawu ali pansi koma akuthwa. "Mawondo unawasiya ku Mpanshya? Atate ako akhala pansi, iwe uli njoo pamutu pawo ngati mtengo wa magetsi. Ndiponso ine ndidye iwo asanalandire?"

Goodness anaona Ba Kingsford akuyang'ana kuchokera pakona. Anawerama pang'ono ngati akukonza supuni, ndipo mawu amene anamukanika pafoni anatuluka.

"Amai, muno ndikagwada ntchito yatha. Ndinalephera kukuuzani. Ndikhululukireni."

"Ndiye ntchito yanji imeneyo yochotsa mwana ulemu?" Ba Edness anapinda manja pachifuwa. "Ine sindidya chakudya chopatsidwa choimirira."

Supu anayamba kuzizira. Pathebulo lina amalume ake a Cynthia anali atamaliza kale, akupukuta mbale ndi buledi. Goodness anaima pambali, manja kumbuyo monga anamuphunzitsira. Akagwada, akwera minibasi. Akapanda kugwada, mbale ya amai ake ibwerera yodzaza, ndipo minibasi yake ndi yomweyo.

Ba Phinias anadzutsa mutu. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mwana wawo, anayang'ananso bambo wa pepala uja. Anatenga foloko imodzi mwa zitatu zimene zinali kumanzere kwawo, naitembenuza ngati akuyesa kulemera kwake.

"Ikagwa iyi, amatola ndani?" anafunsa.

"Ine, atate."

Folokoyo inawapulumuka. Inagwera pakapeti, pakati penipeni pa mpando wawo ndi wa akazi awo.

Goodness anapita pansi monga mwa lamulo, msana chilili, mutu wowongoka. Bondo limodzi linakhudza kapeti pafupi ndi nsapato ya atate ake. Anakhala pamenepo kanthawi kochepa, kokwanira kupuma kamodzi. Kenako anadzuka, napita kukatenga foloko ina, n'kubwera nayo pakambale.

Ba Edness anatsokomola pang'ono. Anamasula manja, natenga supuni.

"Maungu omwewa," anatero atalawa. "Omwe timapatsa nkhumba akachuluka." Koma mbale anaimaliza yonse.

Kunabwera nsomba ya ku Kariba yochotsedwa minga, itagona pa mbatata yosinja, ndi kamsuzi kachikasu kozungulira m'mbali. Goodness anaika mbale ya amai poyamba. Ba Edness anayambanso kuyang'ana mawondo aja, ndipo asanatsegule pakamwa, foloko yachiwiri inali pansi. Bondo linakhudza kapeti. Foloko ina inabwera pakambale.

"Atate ake Goodness, manja anu lero atani?"

"Ukalamba, amake Goodness."

"Ukalamba wayamba lero lomwe?"

"Umabwera osagogoda."

Ba Edness anawayang'ana nthawi yaitali. Pakona pa mlomo wawo panagwedera. Anadya nsombayo, nafunsa mwana wawo kuti mingayo amaichotsa bwanji, ndipo Goodness anafotokoza bwinobwino, mawu osanjenjemera, monga ankachitira ndi alendo ochokera kunja. Nyama ya ng'ombe itabwera, yofewa yosafuna mano, palibe chimene chinagwa, pakuti Ba Edness anatanganidwa ndi mpeni. Koma pa ayisikirimu wa malambe, Ba Edness eni ake ndi amene anagunda chigongono cha amuna awo. Foloko yachitatu, kakang'ono kodyera keke, inagwa.

Mbale zonse zinabwerera kukhitchini zopanda kanthu.

Pamapeto pake Ba Kingsford anayendera thebulo lililonse kupereka moni. Atafika pa la Goodness anagwira dzanja la Ba Phinias, nayang'ana zikhadabo zakuda zimene sopo anazilephera.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimakonza njinga, bwana."

"Masipanala samakupulumukani?"

"Sipanala ili ndi thupi, bwana. Mafoloko anuwa apepukitsa."

Ba Kingsford anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yofunika kuiganizira, napitirira.

Alendo atatuluka, ophunzira onse anaima pamzere. Dzina loyamba linali la Mordecai, mnyamata wa ku Chongwe. Kenako Ba Kingsford anapinda pepala lawo, naima patsogolo pa Goodness.

"Katatu wapita pansi," anatero. "Katatu konse msana unali wowongoka, ndipo katatu konse wabwera ndi foloko yoyera pakambale. Ine sindinaone munthu wogwada. Ndaona munthu wotola foloko. Mlendo amene anakana supu wachoka atanyambita supuni. Lolemba ubwere, ukatenge baji ya dzina lako." Anayamba kuchoka, kenako anacheuka. "Amai anga ndi a ku Chadiza, kumene nakonso mwana amagwadira makolo. Mpaka lero sindinawabweretsepo muno."

Cynthia anamutsina pamkono, maso ali ofiira koma akuseka. "Kagwada, wanidya. Unibweleke ba daddy bako next time."

Makolo ake ankamudikira kunja kwa geti, pamene pamaima matakisi. Goodness anawauza ndi liwu limodzi lokha: "Anditenga." Kenako, anthu akudutsa, alonda akuyang'ana, magalimoto akulira, anagwada ndi mawondo onse awiri pasimenti yotentha, nawomba m'manja mwaulemu.

"Dzuka, udetsa siketi ya ntchito," anatero Ba Phinias, akuyang'ana kumbali.

"Musiyeni," anatero Ba Edness. "Kuno si kwa bwana wake." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anamudzutsa okha, namukonza kolala.

Tsopano Goodness amapita ku Mpanshya kamodzi pamwezi. Baji yake imakhala m'kachikwama, ndipo akafika pakhomo mawondo amakumbuka okha ntchito yawo. Pansi pa mtengo wa mango anthu amanenabe kuti Ba Phinias sagwetsa chinthu. Koma Ba Edness akakhala pafupi salola kuti mawuwo adutse.

"Anagwetsa," amatero, mutu uli m'mwamba. "Ku Lusaka, muhotela ya nsanjika khumi ndi ziwiri kumene amagwira ntchito mwana wathu. Katatu."

Ba Phinias amangopitiriza kulowetsa timipira tawo m'gudumu, kamodzikamodzi.