Mkamwini Wokana Kukumba Maenje

Mbande makumi anayi za manachesi zinatha milungu itatu pakhonde la a Yunike ku Dambe, zikufota m'timachubu. Mvula inali pafupi kuleka, koma maenje anali asanu okha. Anakumba okha a Yunikewo, ali oyembekezera, mpaka msana unakana. Amuna awo, a Malizani, ananenetsa kuti khasu sagwira.

Munali mu 1996, matipate atangoyamba, mawu oti ufulu ali pakamwa pa aliyense. Amayi anayambitsa gulu lawo la za jenda, lomenyera ufulu wa amayi, a Yunike n'kukhala wapampando, ndipo mbandezo analandira kumeneko. Abambo nawo anayambitsa lawo loti Abambo Tadzuka, ngakhale kunena zoona misonkhano yake inkathera pa bawo.

"Abambo ake Rute, mitengoyi ikufa inu mukuona. Kodi vuto n'chiyani?" anafunsa a Yunike.

"Si ya jenda imeneyo? Akumbe a jendawo," anayankha a Malizani. "Ine pano ndine mkamwini. Achimwene anga a Bernard anadzala mango ndi nthochi kwa akazi awo. Mayiwo atamwalira, anauzidwa kuti maliro atha, kazipitani kwanu. Anabwerako ndi mphasa basi. Inu a ufulu wa amayi munanenapo kanthu?"

"Nanga mng'ono wanga Chrissy, amene anatengedwa chitengwa ku Zalewa? Mwamuna atamwalira, achibale anazula malata ndi chitseko chomwe. Inu a pa bawo munanenapo kanthu?"

Tsiku lililonse nkhani inkathera pomwepo. Wina akatchula Bernard, wina ankatchula Chrissy, uku mbande zikunka zifota.

Lachitatu lina kunabwera alangizi a zaulimi, Mayi Estere, amene anathandiza kuyambitsa gulu la amayi lija. A Yunike anasekerera, poganiza kuti lero bamboyu aona zakuda. A Malizani anayamba kufunafuna chipewa kuti athawe, koma alangiziwo anawakhazika pansi n'kumvetsera mbali zonse.

"A Yunike, zimene anawachita a Bernard zinali zabwino?"

"Ayi ndithu. Tsiku limenelo ndinalira."

"Nanga a Malizani, za Chrissy?"

"Nkhanza zenizeni. Ndine ndinakamutenga ndi ana omwe."

Mayi Estere anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndiye mukulimbirana chiyani, eti? Vutoli ndi limodzi. Munthu amakhetsa thukuta pamalo zaka zambiri, mnzake akamwalira n'kusanduka mlendo. Ku chitengwa amalira ndi mkazi, ku chikamwini amalira ndi mwamuna. Itanani ankhoswe a mbali zonse ndi amalume, mugwirizane muli moyo, ndipo mulembe."

A Yunike anachita manyazi. Sanadziwe kuti kuuma mutu kwa amuna awo anali mantha. A Malizani nawo anavomera kuti ankanyoza gulu la amayi asanamve n'komwe zimene limanena.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, ankhoswe anasonkhana. Anagwirizana kuti munda ukhalabe wa mtundu wa a Yunike, koma mitengo ndi ya awiriwo ndi ana awo. Amene adzatsale sadzathamangitsidwa, ndipo achibale a mwamuna sadzakhudza katundu wa m'nyumba. Amalume a a Yunike, a Gilbert, anang'ung'udza kaye kuti zimenezi makolo sankachita. Kenako anakanda m'mutu.

"Komatu ndikathamangitsa wodzala mitengo, akamwini onse aleka kudzala. Manachesiwo ndidzadya kuti ine?" Anadinda chala pa pepala la mgwirizanowo anthu akuseka.

M'mawa mwake kumunda kunali ngati kuukwati. Abambo Tadzuka anadzukadi, anasiya bawo n'kubwera ndi makasu. Amayi anasenza manyowa ndi madzi, akuimba nyimbo zowaseka abambowo, iwo n'kumayankha ndi zawo. Dzuwa lisanafike pamutu mbande zonse zinali m'nthaka. Zitatu zinauma, zina zonse zinagwira.

Mwezi wotsatira magulu awiriwo anayenda limodzi. Anayamba ku Zalewa, kumene malata a Chrissy anabwezedwa. Atapita kukalankhulira a Bernard, amene anayankhula mwamphamvu kuposa onse anali a Yunike, ndipo bamboyo analoledwa kumakathyola mango ake.

Pobwerera, a Malizani anawakokera pambali alangizi aja. "Mayi, mbande zina sizingapezeke? Kumtunda kwa munda wathu kudakali malo."

A Yunike anamva, ndipo mtima unadzaza chimwemwe. Pa zaka khumi za banja lawo, aka kanali koyamba kuti amuna awo anene kuti munda wathu.

Kumenyera ufulu wa amayi sikutanthauza kutseka makutu abambo akamadandaula, ndipo dandaulo la abambo si chifukwa chonyozera amayi. Nkhanza ndi nkhanza, kaya zagwera ndani. Mverani mbali zonse, ndipo za munda ndi katundu gwirizanani nonse mudakali moyo.