Thumba Losokedwa Kawiri

Janeti wa ku Mlangeni sadutsa chinthu osachifufuza. Chidwi chake n'chonyanya, ndikukuuzani. Zinthu ziwiri zinkamusowetsa mtendere: kutsimphina kwa Redson, bwana wa mwamuna wake, ndi matumba a mbatatesi amene mwamuna wakeyo, Duncan wakabaza, ankapita nawo ku boma. Mbatatesi yanji yopepuka choncho, munthu n'kukwera nayo chitunda akuimba mluzu?

Loweruka lina m'mawa, Duncan atapita kukapopetsa tayala, Janeti anachita zimene aliyense wa ku Ntcheu amachita. Kunotu timadziwana: zikuluzikulu timaika pamwamba, ting'onoting'ono pansi, ndiye thumba sulikhulupirira usanapisemo dzanja. Anamasula ulusi wa thumba limene linkadikira ulendo wa tsikulo n'kupisa mpaka m'chigongono. Anatulutsa chamba chokulungidwa m'masamba ouma a nthochi. Ananunkhiza, anabwezeramo, n'kusokanso thumba lija mothinana bwinobwino ngati la kumsika. Luso lakelo ndi limene linamugwetsa m'mavuto.

Duncan atangobwera, Redson anatulukira ndi amuna awiri achilendo kudzaona katundu asananyamuke. Redson anayendetsa chala pamsoko paja.

"Ine sindisoka mokongola chonchi," anatero. "Watsegula ndani?"

Janeti asanayankhe, Duncan anali atagwada kale. "Ndine, bwana. Koma sindinatengemo kanthu."

"Ndikudziwa," anatero Redson motsitsa mawu. "Vuto ndi loti awa aona. Si anthu anga awa, ndi a akuluakulu a ku Lilongwe. Ndikakusiya iwe, athana ndi ine."

Amuna awiri aja anamukokera Duncan kuseri kwa nkhokwe. Mmodzi anatola musi wa Janeti yemweyo pamtondo. Kunamveka kamodzi kokha, kenako Duncan anakuwa. Bondo, abale. Bondo la munthu wodyetsa ana ndi kupalasa njinga. Zimandiwawa mpaka lero.

Janeti anathamangira kwa mwamuna wake akulira. Alendo aja atanyamula thumba, Redson anatsala ataima, nkhope kumbali. Janeti anayang'ana mwendo wa mwamuna wake, anayang'ananso wa Redson, ndipo funso linamutuluka lokha pakati pa misozi.

"Inu a Redson, nanunso munatsegula thumba?"

"Ayi," anayankha. "Anatsegula ndi mayi anga. Ankafuna mbatatesi yophikira ana."

Anatembenuka n'kutsatira anthu aja pang'onopang'ono, akukoka mwendo wake. Njinga ya Duncan inatsala pakhonde, tayala lili lopopa bwino.