Kumene Ugwere Mchombo

Paulo anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru, ndipo moyo wa mkamwini mukuudziwa: amalima, amamanga nkhokwe, koma zikafika pa mbumba ya eni ake pakamwa amatseka. Mkazi wake Felista anali ndi pakati pachitatu. Ana awiri oyamba anafera m'chikuta asanalire n'komwe, ndipo masisitere a kuchipatala cha mishoni anali atanena poyera kuti akadzachiriranso kunyumba, adzapita iye ndi mwana yemwe.

Amene anagwira mwendo nkhaniyi anali apongozi ake, a Nangondo. Paulo sakanatha kulankhula nawo. Nanga alankhula bwanji ndi munthu amene akakumana naye panjira, wina amalowa m'tchire kumanzere, wina kumanja? Anatuma ankhoswe, ankhoswe anabwerako ndi mawu ochepa: "Akanitsitsa." Chifukwa chake sananene. Paulo anachita mantha, mpaka kuonda ngati wodwala ndi iyeyo.

Chaka chimenecho, cha 1955, m'mudzimo munkakhala mzungu wamkazi. Sanali sisitere, sanalinso mkazi wa bwana wa ku boma. Ankati anachokera ku sukulu yaikulu ya kwawo kudzaphunzira mmene Achewa amakhalira. Poyamba anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa. Kukhala nakonso n'kophunzira? Mayiyo ankafunsa zinthu zimene ngakhale mwana amazidziwa: chifukwa chiyani malume amaposa bambo, chifukwa chiyani asuweni amatukwanana osakwiya. Anamupatsa dzina loti Anachifukwa, iye n'kumavomera mokondwa.

Paulo anamupeza akupopa njinga yake.

"Mayi, inu ndinu mzungu. Kawaopsezeni apongozi anga. Mukati boma lalamula, amva."

"Zimenezo ayi, bambo," anayankha ndi Chichewa chake chotsimphina. "Ndikawaopseza lero, mawa adzamubisa Felista. Kodi akukaniranji?"

"Umbuli basi! Akuopa jakisoni."

"Anakuuzani okha?"

Paulo anangotembenuka. Anachoka atakwiya, akung'ung'udza kuti mzunguyu ndi wachabechabe.

Koma m'mawa mwake, akukonza denga la nkhokwe, anaona Anachifukwa atakhala pansi pabwalo la a Nangondo, miyendo atatambasula, akuthothola nawo mtedza. Mawa lakenso chimodzimodzi. Paulo ankatchera khutu ali kuseri kwa nkhokweyo, mtima uli phaphapha, koma za chipatala sizinkatchulidwa. Mayiyo ankangofunsa za ana: anabadwa angati, anabadwira kuti, ali kuti lero. Kuleza mtima kwake kunkamupsetsa mtima Paulo, pakuti mimba siidikira munthu.

Tsiku lina a Nangondo anafika pa dzina la Mavuto, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, ndipo manja awo analeka kuthothola.

"Ameneyo ndinaberekera ku esiteti ya fodya, kuchilendo. Kunalibe mayi anga, kunalibe namkungwi. Mchombo wake unagwa ine ndili mtulo, anthu anausesera kudzala. Lero ali kuti? Anapita ku Halale ali mnyamata, ngakhale kalata. Mwana amene mchombo wake sunakwiriridwe pakwawo sakhazikika, mayi."

"Nanga kuchipatala?"

"Kumeneko ndiye kwachabe! Ife agogo amatitsekera kunja. Mchombo ukagwa, ndani ayang'anira kuti usagwere pamalo oipa? Ndani autola? Amautaya ngati chinyalala. Ndataya mmodzi, ndikatayenso mdzukulu ndi manja angawa?"

Paulo anatsala pang'ono kugwa pankhokwe. Zaka zonsezi ankawaona apongozi ake ngati chitsa cha panjira, osadziwa kuti ndi mayi amene akulira mwana. Anachita manyazi kwambiri. Iye wobadwira m'dziko lomwelo sanafunse, koma mlendo wa kutsidya kwa nyanja ndiye anafunsa. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Anachifukwa sanatsutse kanthu, sanasekenso. Anapukuta fumbi pa diresi, n'kukwera njinga kupita kumishoni. Zimene anakakambirana ndi sisitere wamkulu Paulo anazimva pambuyo pake kwa wophika wa kumishoni. Akuti sisitereyo poyamba anati zimenezo n'zachikunja. Mayiyo anafunsa modekha, monga mwa chizolowezi chake, chifukwa chiyani mabedi a amayi oyembekezera ali mbee pamene midzi yadzaza ndi amayi apakati. Kenaka anafunsa ngati kachidutswa ka mchombo kouma kali ndi ntchito ina iliyonse kuchipatalako. Sisitereyo anali munthu wamtima wabwino, anaseka, n'kuvomera kuti agogo alowe, agone pamphasa pambali pa bedi.

Atamva zimenezo, a Nangondo anafunsa kawiri ngati n'zoona. Ndiye anamanga okha katundu, nalamula kuti ngolo ibwere.

Felista anavutika kwambiri, koma masisitere anadziwa chochita. Mwana wamkazi anabadwa, ndipo kulira kwake Paulo anakumva ali pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mpanda. Anangokhala pansi pomwepo.

Tsiku lobwerera kumudzi, a Nangondo anatsika pangolo atagwiritsa mfundo ya pangodya ya nsalu yawo ngati muli golide. Anachifukwa anali pomwepo, maso ali tcheru.

"Nanga inu, mayi," anafunsa a Nangondo, "wanu mchombo unagwera kuti?"

"Sindidziwa, amayi."

"Ndiye mwaona? N'chifukwa chake mukungoyendayenda m'maiko a eni!"

Amayi onse anafa nacho chiseko, mzunguyo kuposa onse, ngakhale maso ake anachita ngati alengeza misozi.

Paulo anali ataima patali monga mwa mwambo, atayang'ana kumbali. Anamva mapazi akubwera, nafuna kuthawira kuseri kwa nyumba, koma mapaziwo anaima pafupi ndi nkhokwe yake. A Nangondo anamufulatira, n'kulankhula mokweza ngati akuuza Anachifukwa.

"Mayi, auzeni akamwini anga andibwereke khasu. Mchombowu ndikwirira pano, patsinde pa nkhokwe imene anamanga okha. Mwanayu adziwe kuti ali ndi bambo amene anamulimbira mtima."

Anachifukwa anatsegula pakamwa kuti abwereze uthengawo, koma anaona kuti palibe chifukwa. Paulo anali atagwada kale, khasu ataligwira ndi manja awiri, misozi ikutsikira pa mpini.