Liwu Limodzi pa Chikalata cha Kingston

"Usasayine," anatero amalume a Rogers pa foni kuchokera ku Ntcheu. "Chikalatacho chanena chokha. Arrest. Anamumanga, n'kumupha, n'kumuchotsa impso."

Benedicta anali atakhala pa bedi la m'munsi, pomwe mchimwene wake Kingston ankagona akaweruka ku ulonda. Chipinda cha ku Karama chimenechi, m'dziko la eni kutsidya kwa nyanja, chinali ndi mabedi asanu ndi limodzi, zenera limodzi losatseguka. Madamu a ku Al Warqa, omwe Benedicta ankawalerera ana, anamupatsa maola atatu okha.

"Malume, adokotala akuti cardiac arrest ndi kuima kwa mtima. Si za apolisi ayi."

"Dokotala wa konko angavomere?"

"Thupi ndaliona ndi maso angawa. Palibe bala."

"Amamata, mwana iwe. Pa gulu lathu la pa foni mayi wina wafotokoza zonse."

"Mayiyo dzina lake ndani?"

"Angatchule dzina kuti naye amuphe?"

Benedicta anatsinzina. Bala likadapezeka, bwenzi uli umboni. Bala palibe, umenewonso umboni. Koma iye akapanda kusayina, kampani ya ulondayo situmiza maliro kumudzi, ndipo Kingston anali atagona mufiriji masiku asanu ndi anayi. Mayi awo ankangokhala pakhonde ndi azimayi a mpingo, kulira maliro opanda bokosi.

"Ukasayina wavomereza bodza lawo," amalume anatero. "Magazi ake akhala pa iwe." Foni anadula.

Stephano, msuweni wawo yemwe ankagona pa bedi la pamwamba, anali chikhalire pansi, akupinda mayunifolomu a malemu.

"Iwe unalipo," anatero Benedicta. "Ndiuzenso."

"Anagwa akumanga zingwe za nsapato, asisi. Apolisi anabwera pambuyo, kudzangolemba."

"Amalume unawauza?"

"Kawiri. Akuti andigula." Anaseka pang'ono. "Kugula ine wotsuka zimbudzi za mu hotela?"

Foni inalira. Uthenga wa madamu: yalla, fulumira, ana akudikira.

Stephano anazengereza, kenako anapisa dzanja pa kashelefu ka kumutu kwa bedi n'kutenga kabotolo koyera.

"Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ndi mankhwala a BP. Chaka chachitatu chino. Ankati Benedicta ana a eni ake akumukwanira kale, tisamuwonjezere za ine."

Benedicta anatsanulira mapiritsi m'dzanja. Anali ofiirira, ang'onoang'ono. Anawayang'ana nthawi yaitali. Akadawajambula n'kutumiza kumudzi, yankho ankalidziwa kale: amuikira dala.

Anatsamiza chikalata pa chitsulo cha bedi n'kusayina. Cholembera chinaboola pepala pang'ono.

Pobwezera mapiritsi ndi pomwe anaona kuti Kingston anamata kapepala pa botolopo, kuphimba dzina la mankhwala. Analembapo yekha ndi zilembo zikuluzikulu, zoti mlongo wake akabwera kudzacheza Lamlungu aziwerenga ali pakhomo: ZA MUTU.

Benedicta anakhazika kabotolo pa shelefu, n'kukatembenuza kuti mawuwo ayang'ane kukhomo.