Chilanga Mulilo Chopanda Ng'oma

Gilson Mbewe ankaopa ng'oma, ndipo Loweruka limenelo ng'oma zinali kubwera pakhomo pake ku Chelstone. Musaseke, bambo wandevu zake sachita mantha popanda chifukwa.

Ntchito yake inali yopopera mankhwala a mphemvu ndi nsikidzi m'nyumba za anthu. Mu 2020, mphekesera zitawanda mu Lusaka zoti kuli anthu opopera gasi kuti eni nyumba akomoke, iye ankachokera ku ntchito masana dzuwa likuswa mtengo, pampu ili kumsana. Wina anangokuwa kuti, "Uyo wa gasi!" Basi. Mawezulo, zivundikiro za mapoto, mapazi a anthu kumbuyo kwake. Apolisi anamutola ali thapsa, mano atatu atapita. Ena mwa omumenyawo anali anthu oti anawapherapo nsikidzi. Anthu inu!

Mabala anapola, koma mutu unatsalira pamsewu paja. Ana akamamenya zitini panja, Gilson ankapezeka ali kuseri kwa chitseko, thukuta lili kamukamu. Anavutika zaka ziwiri asanapite kwa ba Keziah, mlangizi wa ku kiliniki, amene anamuuza kuti matendawa ndi odziwika, si misala ndiponso si ufiti. Anamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kutsegula maso ndi kutchula zimene akuona, kuti thupi lidziwe kuti tsiku lija linatha. Zinathandiza ndithu. Tulo tinabwerera, ntchito anayambanso, mpaka anapeza Mwango, mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta ku msika wa Soweto, amene anavomera kukwatiwa naye. Chinatsala chimodzi: phokoso la gulu la anthu likamabwera kuchokera kumene iye sakuona.

Ndiye taonani tsoka lake. Mwango anali Mubemba, ndipo kwawo ukwati usanachitike pamakhala chilanga mulilo. Amayi a kuchikazi amaphika zakudya zonse za kwawo, n'kuzisenza kupita kwa mkamwini ndi ng'oma, nyimbo ndi nthungululu. Mkamwiniyo amakhala m'nyumba, mutu pansi, kudikira. Gilson ankadziwa kuti akathawa pamaso pa apongozi, ukwati wathera pomwepo. Ba Lukonde, azakhali a Mwango, anali atafunsa kale kuti, "Uyu mwamuna, n'chifukwa chiyani amakhala moyang'ana kukhomo nthawi zonse?"

"Ungolimba mtima," anatero amalume ake, a Amock, atakhala naye pa sofa. "Ng'oma siluma."

Zoyankhula za munthu amene sanathamangitsidwepo.

Thu koloko inakwana. Gilson anatchera khutu, manja ali pa mawondo, jekete itanyowa kukhwapa. Kunja kunali zii. Anadikira, anadikira, mtima uli m'mwamba. Kenaka mayi woyandikana nawo analowa pakhomo lakumbuyo, nkhope ili yachisoni.

"Ba Gilson, pepani. Nindani wamwalila?"

"Wamwalira? Kuti?"

"Kuli bazimai bambili pa geti yanu. Bangoimilila chabe, sibakamba."

Gilson anadzuka. A Amock anamugwira jekete. "Iwe, khala pansi! Mkamwini satuluka, ukufuna kutichititsa manyazi?" Koma iye anavula jeketeyo, n'kuwasiyira m'manja.

Atatsegula geti, anaona amayi oposa makumi atatu, onse mu chitenje chofanana, mapoto okulungidwa ali pamutu, ng'oma zitatu zili kukhwapa. Anali atayenda chete kuchokera pamene basi inawatsitsa, ngati akupita kumaliro. Ba Lukonde anabwera kutsogolo.

"Batata," anatero motsitsa mawu, "Mwango anatiuza vonse dzulo. Analila maningi. Sitizaimba. Tisiya chabe vakudya, tiyende."

Manyazi anamugwira kaye, kenaka china chake chinamasuka m'chifuwa. Akudziwa! Chinthu chimene anachibisa zaka zonsezi, amayi onsewa akuchidziwa, ndipo abwerabe ndi mapoto awo. Komanso anamva chisoni. Mwango anadikira tsikuli moyo wake wonse, ndiye anthu azikanena ku Soweto kuti chilanga mulilo chake chinali ngati maliro?

"Bamayo," anatero Gilson, "yambani na ng'oma imodzi. Ine niimilila pano, nizikuonani."

"Muzakwanisa?"

"Kaya. Tiyese."

Mayi wina wonenepa anaika ng'oma pakati pa miyendo n'kuigunda. Mayo ine! Miyendo ya Gilson inamuuza kuti thawa. Anagwira chitsulo cha geti. Anapuma. Anayamba kutchula chamumtima: poto wobiriwira, mayi wa magalasi, mayi wovala nsapato za mwamuna wake, nkhuku yowotcha yotulukira m'chitenje. Palibe amene ananyamula mwala. Mtima unathamanga, unathamanga, kenaka unayamba kutopa wokha.

"Onjezani ina," anatero.

Yachiwiri inalowa, yachitatu osaipempha n'komwe. Wina analephera kudzigwira, anaimba nthungululu, ndipo msewu wonse unaphulika. Amayi aja anali atasunga nyimbo m'mimba ulendo wonse, ndiye zinatuluka ngati madzi a pampopi wothyoka. Gilson anali chilili pakati pa phokosolo, misozi ikutsika, akuseka ndi mano ake otsalawo. Mantha analipo, inde, koma anali ochepa kuposa iye.

Ba Lukonde anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenaka anakwinya nkhope.

"Manje mwationa. Bwelelani mukati, munkale pansi monga mkamwini. Mwambo ni mwambo."

Anabwerera. A Amock anamuveka jekete akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe khalidwe. Gilson anakhala pa sofa, anaweramitsa mutu, maso pa simenti. Ng'oma zinalowa pa geti, zinadutsa pawindo, zinafika pakhomo, ndipo iye sankaona munthu ngakhale mmodzi. Anadikira kuti miyendo imunyamule. Sinamunyamule. Fungo la chikanda ndi ifisashi, ndiwo zotendera za Abemba, linalowa m'nyumba, ndipo Gilson anadabwa kuona kuti ali ndi njala yoopsa.